Mkazi akalola mwamuna wodzizimbaitsa, walola yani?

M'chaka cha 2015 ophunzira anayi a payunivesite ya Columbia ku New York analemba m'nyuzipepala ya pasukulu pawo kudandaula za ndakatulo ya Ovid, mlakatuli wakale wa ku Rome, yotchedwa Metamorphoses. Ankati bukuli ladzaza ndi nkhani za milungu yogwiririra akazi, koma m'kalasi mumangoyamikiridwa kukoma kwa mawu ake, popanda kuchenjeza ophunzira za zimene akukakumana nazo. Mkangano umene unabuka pamenepo sunazime, wangosamukira kubwalo lina. Lero uli pa mafilimu. Anthu akubwerera ku mafilimu achikondi amene tinakula tikuonera, n'kumafunsa kuti kodi tinkasekanji pamene mwamuna ankavala nkhope ya munthu wina kuti apeze mkazi. Ena akuti zonsezi zitayidwe kudzala. Ena akuti anthu a masiku ano angosowa chochita, nthano ndi nthano basi. Ine ndaima ndi amene akuti kufunsira modzizimbaitsa ndi kuba, ngakhale kuseketse chotani, ndipo chobedwacho ndi mwayi wa mkazi wosankha akudziwa chimene akusankha. Koma ndikuwonjezerapo mfundo imene mbali zonse ziwiri sizikonda kuimva, yakuti alakatuli akale aja ananena zoona pankhaniyi kuposa Hollywood. Iwo ankaonetsa chinyengo pamodzi ndi mabala ake. Opanga mafilimu anatola chinyengocho, mabalawo n'kuwasiya m'buku.

Kuti timvane, tiyambe ndi nkhani imene ambiri amaiona ngati yofatsa kuposa zonse m'buku la Ovid, lomwe analimaliza cha m'chaka cha 8 Yesu atabadwa. Ili m'gawo la 14 mwa magawo 15. Pomona anali namwali wosamala mitengo ya zipatso. Anzake ankakonda nkhalango ndi uzimba, koma iye chuma chake chinali mpeni wodulira nthambi: kusadzira, kumezanitsa, kuthirira. Za amuna analibe nazo ntchito, moti anatchinga munda wake kuti asamamusowetse mtendere. Vertumnus, mulungu wotha kusintha maonekedwe, anamufuna. Lero abwere ngati wokolola atasenza dengu la tirigu, mawa ngati woyendetsa ng'ombe mkwapulo uli m'manja, mkuja ngati wothyola zipatso makwerero ali paphewa, kenako msilikali ndi lupanga, msodzi ndi mbedza, zonsezi kuti angomuona. Zitakanika anadzisandutsa gogo wamkazi, imvi zili mbuu, duku kumutu, ndodo m'manja. Pomona sanatseke chipata, poti ndani angasiye agogo panja? Agogowo anayamikira zipatso, n'kumupsompsona namwaliyo, ndipo Ovid akunena mosapsatira kuti nkhalamba yeniyeni sipsompsona chonchija. Atakhala pansi analoza mtengo umene mpesa unayangapo, nati taona mwana wanga, mpesawu ukanakhala wokha bwenzi ukukwawa pansi. Kenako anayamba kumuchemerera Vertumnus, kuti amamudziwa monga mmene mwiniwakeyo amadzidziwira, n'kutsiriza ndi nthano yoopseza ya Anaxarete, mtsikana wa ku Cyprus amene anakana mnyamata mpaka mnyamatayo anadzimangirira pakhomo pake, iye n'kusanduka mwala.

Tsono mverani mathero ake, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Ovid akuti zonse zimene agogo aja analankhula zinangopita pachabe. Vertumnus anavula ukalamba uja n'kuima monga mmene alili, ngati dzuwa likamatuluka m'mitambo, ndipo anali atakonzeka kumugwira Pomona mwamphamvu, kungoti mphamvuzo sizinafunikenso popeza namwaliyo anakopeka ndi nkhope yake yeniyeni. Mlakatuliyo akanatha kuchotsa mawu onena za mphamvuwo, nkhani n'kutsekemera ngati uchi. Sanawachotse. Anafuna tidziwe kuti pansi pa duku lija panali munthu amene sakanavomera kukanidwa, komanso kuti bodza lonse lija silinabale kanthu.

Tiike nkhani imeneyi pambali pa filimu ya Billy Wilder ya mu 1959, Some Like It Hot, imene ambiri amaiika pakati pa mafilimu oseketsa kwambiri amene anajambulidwapo. Joe, amene anasewera Tony Curtis, ankathawa zigawenga za ku Chicago, choncho iye ndi mnzake anavala zachikazi n'kulowa bandi ya akazi okhaokha yopita ku Florida. Mpaka apa palibe mlandu, munthu akupulumutsa moyo wake. Koma m'sitima muja Sugar, amene anasewera Marilyn Monroe, anamuuza zakukhosi monga mkazi mnzake: kuti watopa ndi anyamata oimba saxophone amene amamudyera n'kumusiya, kuti akufuna mpondamatiki wofatsa, wovala magalasi, wokhala ndi boti lakelake. Atafika ku Florida, Joe anatulukira pagombe atavala magalasi ndi chipewa cha mwini boti, akudzionetsa ngati mwana wa eni kampani ya mafuta ya Shell. Ameneyu ndi Vertumnus wangwiro. Analowa pachipata ngati mkazi, anamva zinsinsi, n'kubweranso ngati mwamuna wosokedwa ndendende pamuyeso umene Sugar anapereka yekha osadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Ovid bodza linalephera, pamene kwa Wilder bodza ndi limene linagwira nsomba, ndipo choonadi chitaululika Sugar anathamangira m'boti momwemo kukamupsompsona.

Otsutsa amayamba ndi mfundo yapafupi, ndipo sindikuinyoza. Amati awa ndi masewero chabe, palibe amene amati akaonera filimu n'kukagula diresi kuti akanamize mkazi. Nthabwala zimadya chisokonezo, ndipo ukachotsa kudzizimbaitsa wapha theka la masewero oseketsa a padziko lonse. N'zoona, nanenso ndimaseka. Komabe kuseka sikutseka funso lakuti tikuseka yani. Plautus, wolemba masewero wa ku Rome amene anamwalira zaka zoposa 180 Yesu asanabadwe, analemba za Amphitryon, kazembe amene ali kunkhondo Jupiter, mfumu ya milungu ya Aroma, anavala nkhope yake n'kukagona ndi mkazi wake Alcmene, usikuwo n'kuutalikitsa dala. Seweroli ndi loseketsa kwabasi, makamaka pamene kapolo Sosia akupeza munthu wofanana naye ndendende ataima pakhomo, n'kumenyedwa mpaka kuyamba kukayika ngati iye ndi iyedi. Koma Plautus yemweyo analitcha sewero losakaniza chisoni ndi nthabwala, ndipo Alcmene sanamusandutse chitsiru. Mwamuna wake weniweni atabwera n'kumunena kuti ndi wachigololo, mayiyo anayankha ndi ulemu wake wonse, mpaka kunena kuti apatsidwe katundu wake azipita, ndipo woonera amamva kuwawa kwake. Yerekezani zimenezi ndi Revenge of the Nerds ya mu 1984, mmene mnyamata anatenga chigoba cha bwenzi la mtsikana wina, n'kugona naye mtsikanayo akuyesa kuti ndi bwenzi lake lija. Chigoba chitavulidwa mtsikanayo anamwetulira n'kumuyamikira. Ndi chinyengo cha Jupiter chomwe chija, kungoti Alcmene wake amutseka pakamwa. Patapita zaka 35, mu 2019, wotsogolera filimuyo ndi mmodzi mwa olemba ake anavomereza poyera kuti gawo limenelo silinali bwino. Ndipo tisaiwale kuti gawo 132 la malamulo a milandu a dziko la Malawi lakhala likunena kwa zaka zambiri kuti kugona ndi mkazi wokwatiwa podzionetsa ngati mwamuna wake ndi kugwiririra. Jupiter akanakhala wa kuno bwenzi atakayankha kukhoti.

Mfundo yachiwiri ndi yanzeru kuposa yoyambayo. Amati kodi alipo amene amakafunsira mbeta ali mmene alili? Tonse timadzizimbaitsako pang'ono. Apa ndilibe pothawira chifukwa ndinazichitapo. Tsiku loyamba kukaonekera kwa amalume a mayi a kunyumba kwathu ndinavala jekete ya mnzanga amene tinkachita naye lendi chipinda chimodzi, manja ake ofika kuzala, ndi nsapato zimene ndinazipaka polishi kawiri kuti ming'alu isaoneke. Ndinakhala pakhonde paja nditapindira manja a jeketeyo m'kati, thukuta lili kamukamu poti unali mwezi wa Okutobala. Koma amalumewo atandifunsa dzina, kwathu, mfumu yathu ndi ntchito yanga, zonse ndinayankha zoona, ndipo mbetayo inkadziwa bwino lomwe kuti jeketeyo si yanga, popeza ndi iyeyo amene anandiuza kuti ndikabwereke. Kusiyana kuli pamenepo. Kudzikongoletsa ndi masewera amene onse awiri akuwadziwa, pamene wodzizimbaitsa amasewera yekha mnzake akuyesa kuti ndi moyo weniweni. Muyeso wake ndi wosavuta: chimene wabisacho, mnzakoyo akanachidziwa akanalolabe? Ngati yankho n'lakuti mwina ayi, ndipo n'chifukwa chakecho wabisa, ndiye kuti wamusankhira. Mnyamata wobwereka galimoto kuti akatenge mtsikana ndi wodzionetsera chabe, ndipo mwini galimoto akaifuna msanga tonse timaseka. Koma bambo amene amavula mphete n'kuiika m'thumba asanapereke moni, kunyumba atasiya mkazi ndi ana atatu, ameneyo ndi Jupiter uja amene anadzisandutsa nkhunzi yoyera n'kukagona pamchenga wa kugombe la Phoenicia. Europa, mwana wamkazi wa mfumu ya kumeneko, anaipatsa maluwa, anaisisita, anaona kuti ndi yofatsa, anaikwera pamsana. Pamene ankazindikira n'kuti ali pakati pa nyanja, dzanja limodzi litagwira nyanga, kwawo kukuzimiririka, ulendo wa ku Crete umene palibe anamufunsa ngati akuufuna. Chithunzi chake chili pa ndalama yachitsulo ya 2 euro ya ku Greece mpaka lero.

Koma pali mtundu wina wa kudzizimbaitsa umene ngakhale anzanga ogwirizana nane amaukhululukira, ndipo apa m'pamene ndikufuna kukhalitsa. Ndi uja wa munthu wolemera amene amadzionetsa ngati wosauka kuti akondedwe chifukwa cha mtima wake, osati chuma. Ambirife tinaionera Coming to America ya mu 1988 m'tinyumba ta vidiyo, titapanikizana pamabenchi, pakhomo patatchingidwa ndi chiguduli. Eddie Murphy ndi Akeem, mwana wa mfumu ya dziko longopeka la Zamunda. Atakwanitsa zaka 21 anamupezera mkazi wophunzitsidwa kuyambira ali mwana kuvomera chilichonse, moti atamuuza kuti auwe ngati galu anauwadi. Akeem anakana zimenezo, anapita ku Queens ku New York, analowa ntchito yokolopa m'lesitilanti ya bambo ake a Lisa, n'kumuuza Lisa kuti kwawo ndi oweta mbuzi. Otsutsa amati apa bodza likutumikira choonadi, chifukwa akanafika ndi ulemerero wake wonse akanadziwa bwanji kuti Lisa wakonda iye, osati mpando? Amawonjezeranso kuti palibe chimene Lisa anataya, anangopeza zochuluka kuposa zimene ankayembekezera. Ndi mfundo yamphamvu, ndipo aliyense amene anayamba wagwirapo ndalama n'kuona achibale akuchuluka mwadzidzidzi amaimvetsa.

Yankho langa lili pawiri. Choyamba, mayeso amenewa ndi a mbali imodzi. Akeem akuyesa mtima wa Lisa, koma Lisa sangayese wa Akeem chifukwa munthu amene akucheza nayeyo kulibe. Iye anakonda mnyamata wodzichepetsa wodya thukuta lake. Sanafunsidwe ngati akufuna kusiya kwawo, ntchito yake ndi mzinda wake n'kukakhala mfumukazi kudziko kumene mkazi amaphunzitsidwa kuuwa akalamulidwa. Funso limenelo si laling'ono, ndipo chuma sichiliyankha. Chachiwiri, amene amayesa mnzake mobisa ndiye kuti wayamba kale kumuganizira zoipa. Ovid ali nayo nkhani ya zimenezi. Cephalus anasintha maonekedwe n'kubwera kwa mkazi wake Procris ngati mlendo wa mphatso zambiri, kuti aone ngati ndi wokhulupirika. Mayiyo anakana kambirimbiri, iye n'kumangowonjezera mphatso, mpaka tsiku limene anazengereza pang'ono kuyankha, pomwepo mwamunayo n'kufuula kuti ndakugwira. Procris anathawira kumapiri ndi manyazi. Anabwererana, inde, koma kukayikirana kunali kutalowa kale m'nyumba, ndipo mapeto ake unali mkondo wa Cephalus yemweyo pachifuwa cha mkazi wake, amene anamutsatira kuuzimba naye akumukayikira. Chimene ndimaiyamikira Coming to America n'chakuti inayesako kunena zoona. M'sitima ya pansi pa nthaka ija Lisa anamubwezera Akeem ndolo zake zodula n'kutsika, ngakhale iye ankalonjeza kusiya ufumu. Pamenepo filimuyo inali itaponda pa choonadi. Koma kenako tinangolumpha kukafika ku Zamunda tsiku la ukwati, velo ikukwezedwa, uyo Lisa akumwetulira. Zimene zinachitika pakatipo, amene anakamupepesa, zimene iye anafunsa, usiku umene anakhala maso akulingalira, sitinaonetsedwe ngakhale mphindi imodzi. Mbali yofunika kwambiri ya nkhani yake ndi imene anaidumpha.

Izi zikutifikitsa pa mfundo imene otsutsa amaidalira kwambiri. Amati nanga si pamapeto pake mkaziyo walola, ndiye inu mukulira maliro a yani? Mu You've Got Mail ya mu 1998, Joe Fox, amene anasewera Tom Hanks, ndi mwini sitolo yaikulu ya mabuku imene ikugwetsa kasitolo kamene Kathleen, amene anasewera Meg Ryan, anasiyiridwa ndi mayi ake. Awiriwa ankalemberana maimelo osadziwana mayina. Joe ndi amene anayamba kudziwa, ndipo m'malo moulula anapitiriza mbali zonse ziwiri: masana kucheza naye pamaso n'kumamuseka za bwenzi la pa intaneti lija, usiku kumulembera monga bwenzi lomwelo. Pamapeto anakumana m'paki, Kathleen misozi ili mbwembwembwe, akunena kuti ankalakalaka atakhala iyeyo. Otsutsa amati mwaonatu, mwiniwake wakondwa. Koma Kathleen si munthu, ndi mawu olembedwa papepala, ndipo walola chifukwa nthawi ya filimu yatha. Kutenga kulola kwakeko ngati umboni kuli ngati kubwera kubwalo ndi mboni imene waiuza wekha zonena. Ngati tikufuna umboni weniweni, ulipo. Kuyambira mu 2010 ku Britain kunaululika kuti apolisi ena achinsinsi, amene anatumidwa kukazonda magulu oteteza chilengedwe ndi ena ochita zionetsero, ankachita zibwenzi ndi akazi a m'maguluwo pogwiritsa ntchito mayina abodza, ena kwa zaka zingapo, wina mpaka kubereka mwana. Amunawa ankaoneka okoma mtima, ankadziwana ndi makolo a akaziwo, ankadya nawo mbale imodzi. Choonadi chitatuluka palibe amene anathamangira m'paki. Akaziwo anapita kukhoti, ndipo mu Novembala 2015 polisi ya ku London inapepesa poyera kwa 7 mwa iwo, n'kuvomereza kuti maubwenziwo anali achinyengo ndi ankhanza.

Abambo amene akuona ngati nkhaniyi ndi ya amayi okha atsegule Genesis 29. Yakobo anagwira ntchito zaka 7 chifukwa cha Rakele, usiku wa ukwati Labani n'kumulowetsera Leya, kutacha m'pamene anaona. Sindinamvepo mlaliki akunena kuti Yakobo analola poti anagona naye usiku wonse osadandaula. Tonse timaumva mkwiyo wake pamene akufunsa mpongozi wake chifukwa chimene wamunyengera. Nanga bwanji nsalu ikakhala pankhope ya mwamuna, wonyengedwa n'kukhala mkazi, timaimba nthungululu?

Ena amabwera ndi mfundo ya mbiri. Amati n'kulakwa kuweruza Agiriki ndi Aroma ndi maso a lero, chifukwa kwa iwo kugona ndi mulungu unali ulemu, ndipo mabanja otchuka ankanyadira kuti kholo lawo ndi Zeus, lomwe ndi dzina la Jupiter kwa Agiriki. Mbali ina n'zoona, ngwazi yotchuka Heracles anabadwa mwa Alcmene yemwe uja. Koma onena izi awerengenso gawo la 6 la Ovid. Mmenemo Arachne, mtsikana wamba wodziwa kuwomba nsalu, anapikisana ndi mulungu wamkazi Minerva. Minerva anawomba milungu itakhala pamipando yake yaulemu. Arachne anawomba chinyengo chawo chimodzichimodzi: Jupiter ngati nkhunzi kwa Europa, ngati mbalame yoyera ya m'madzi kwa Leda, ngati golide kwa Danae, ngati Amphitryon kwa Alcmene, kenako Neptune, Apollo, Bacchus ndi Saturn, aliyense ndi nkhope yake yobwereka. Ovid akuitcha nsaluyo milandu ya akumwamba. Minerva anaiyang'anitsitsa osapeza ngakhale ulusi umodzi wolakwika, choncho anaing'amba n'kumumenya mtsikanayo pamphumi, ndipo Arachne anathera kukhala kangaude. Izi zikusonyeza kuti zaka 2,000 zapitazo anthu ankadziwa kale kuti ndi milandu, ankadziwanso zimene zimamugwera woinena. Nkhani ya Callisto ndiye yowawa kuposa. Jupiter anabwera kwa iye atavala nkhope ya Diana, mulungu wamkazi wa uzimba, mtsogoleri wake amene ankamukhulupirira. Mtsikanayo anazindikira mochedwa, analimbana naye koma anamulaka. Mimba itaoneka posamba anamuthamangitsa pagulu la anzake, Juno, mkazi wa Jupiter, n'kumusandutsa chimbalangondo. Wolakwayo palibe anamukhudza. Ovid sakubisa kupanda chilungamo kumeneko, ndipo sakumukakamiza Callisto kumwetulira pamapeto.

Nafenso kuno tili nayo nthano ya mtunduwu, ya mtsikana amene anakana anyamata onse a m'mudzi n'kulola mlendo wooneka bwino, osadziwa kuti usiku amasanduka fisi, mpaka kamlongo kake kodwala maso kamene kanawatsatira n'kamene kanamva afisi akupangana zomudya. Agogo ankaikamba podzudzula mtsikana wamatama, ndipo pamenepo ndimasiyana nawo chifukwa kukana amuna si mlandu. Koma taonani kuti ngakhale agogowo sanayerekeze n'komwe kutsiriza nthanoyo ndi banja lamtendere la mtsikanayo ndi fisi. Chikomekome cha mkuyu ankachidziwa. N'chifukwa chake panali ankhoswe ndi amalume ofunsa kuti kwanu n'kuti, mfumu yanu ndani, ntchito imene lero ambiri aisiyira chithunzi cha pa Facebook. The Tinder Swindler, imene Netflix inatulutsa mu 2022, yonena za munthu amene ankadzitcha mwana wa mpondamatiki wa dayamondi n'kusiya akazi m'ngongole, ndi nthano ya fisi yomweyo, kungoti mlendo wake anabwera pandege.

Komabe sindikuyenda mpaka kumapeto ndi anzanga amene akuti mabuku ndi mafilimu amenewa achotsedwe. Kuchenjeza wophunzira kuti tsamba lotsatira lili ndi nkhani yowawa ndi ulemu wamba, sindikuona chovuta pamenepo. Koma kuchotsa Ovid m'kalasi n'kumuthandiza Minerva kung'amba nsalu ija, chifukwa umboni wamphamvu kwambiri wotsutsa Jupiter uli m'buku lomwelo. Mafilimu akale nawonso akhalepo, tiziwaonera ndi ana athu n'kumawafunsa kuti kodi Sugar akudziwa chiyani pamenepa, nanga sakudziwa chiyani. Chimene ndikufuna kwa opanga mafilimu a lero si chachikulu: akabwereka duku la Vertumnus, abwerekenso kulimba mtima kwa Ovid. Mrs. Doubtfire ya mu 1993 inasonyeza kuti n'zotheka kuseketsa anthu popanda kuwanamiza. Robin Williams anavala ngati mayi wachikulire kuti alowenso m'nyumba ya mkazi amene anasudzulana naye, akhale pafupi ndi ana ake. Timaseka mpaka nthiti kuwawa, koma chigoba chitagwa m'lesitilanti muja woweruza anapereka ana kwa mayi awo, ndipo ngakhale pambuyo pake mayiyo anamulola kumawatenga akaweruka kusukulu, banja lija silinabwerere. Filimuyo sinachepe kukoma chifukwa cha zimenezo.

Gawo limene Sugar, Lisa ndi Kathleen anamanidwa, Homer, mlakatuli wa Chigiriki, analilemba zaka mazana ambiri Ovid asanabadwe. Mfumu Odysseus, amene anapita kunkhondo ya ku Troy, anabwerera kwawo ku Ithaca patatha zaka 20 atavala nsanza ngati wopemphetsa, ndipo chifukwa chake chinali chomveka, popeza m'nyumba mwake munali mutadzaza amuna oposa 100 ofuna mkazi wake, okonzeka kupha aliyense wowatchinga. Galu wake wokalamba Argos anamuzindikira n'kufa pomwepo. Mayi amene anamulera anazindikira chipsera cha pamwendo pomusambitsa mapazi. Koma kwa mkazi wake Penelope sanadziulule, ngakhale anacheza naye pamoto usiku. Adani aja ataphedwa, aliyense ankayembekezera kuti mayiyo amuthamangira. Sanatero. Anakhala tsidya lina la moto n'kumangomuyang'ana, mpaka mwana wake Telemachus anamudzudzula kuti mtima wake ndi wouma kuposa mwala. Mwamunayo atasamba n'kuvala bwino, Penelope anauza wantchito modekha kuti atulutse bedi kuchipinda, amuyalire panja. Odysseus anapsa mtima, kufunsa kuti ndani wasuntha bedi lake. Mwendo umodzi wa bedilo unali tsinde la mtengo wa azitona umene unamera pomwepo, iye anachita kumanga chipinda mouzungulira ndi manja ake, ndipo silikanasuntha popanda kuudula mtengowo. Chinsinsi chimenechi ankachidziwa awiriwo ndi mdzakazi mmodzi basi. Apo m'pamene mawondo a Penelope analefuka, n'kumuthamangira akulira. Munthu amene ananamiza anthu kuyambira ku Troy mpaka pakhomo pake anakodwa m'bodza la mkazi wake, ndipo kuchipinda kuja analowako atayamba wayankha funso la mayiyo.